Chikondi cha Mulungu Chosaduka ndi Chitsimikizo cha Chipulumutso: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amamveka kawirikawiri m'kalasi ya katekisimu, pa mapemphero a m'milaga, m'chipatala ndi pa maliro. Pamene mipingo imasiyana taneneratu kuti ikusiyana. Mavesi tawafotokoza m'mawu athu, choncho mukhale ndi Baibulo pafupi kuti muziona nokha.

Kodi mawu oti palibe chingatilekanitse ndi chikondi cha Mulungu achokera pati?

Achokera pa Aroma 8:31-39. Paulo analemba kalatayi ali ku Korinto cha m'ma 57, kulembera Akhristu a ku Roma amene ambiri a iwo anali asanawaonepo. Pa vesi 35 akutchula zinthu zisanu ndi ziwiri zimene munthu amaziona ndi maso: masautso, kupsinjika, mazunzo, njala, usiwa, zoopsa ndi lupanga. Pa vesi 38 ndi 39 akuwonjezera zina khumi: imfa, moyo, angelo, maufumu, zilipo, zilinkudza, zimphamvu, kutalika, kuya, ndi cholengedwa china chilichonse. Chomalizachi ndi chotsekera khomo, kuti wina asabwere n'kunena kuti vuto lake silinalembedwe.

Paulo sanalembe izi ali pa mtendere. Pa 2 Akorinto 11:24-27 akuwerenga zimene zinamugwera: anakwapulidwa zikoti 39 kasanu konse, anamenyedwa ndi ndodo katatu, anaponyedwa miyala kamodzi, chombo chinamuswekera katatu, anagona ndi njala, anazizidwa wopanda chofunda. Pa mndandanda wa vesi 35 chinali chitatsala ndi lupanga lokha, ndipo mbiri ya mpingo imati analipezadi ku Roma komweko, mu ulamuliro wa mfumu Nero. Anthu amene anawerenga kalatayi anazunzidwa koopsa mu 64, moto utatentha mzinda wa Roma. Ndiye ndimeyi sikulonjeza kuti mavuto sabwera. Vesi 37 likuti timapambana *m'zonsezi*, tili m'kati mwake.

Pali kanthu kena kamene ambiri amakadumpha. "Chikondi cha Khristu" pa vesi 35 ndi chikondi chimene Khristu amatikonda nacho, osati chimene ife timamukonda nacho. Vesi 37 likumasula lokha potchula Iye amene anatikonda. Mukawerenga ngati kuti akunena za chikondi chanu pa Mulungu, ndime yonse imasanduka katundu, chifukwa chikondi chanu mumachidziwa nokha mmene chimazilalira pofika Lachitatu.

Kodi kusungidwa ndi Mulungu n'chimodzimodzi ndi kumva mumtima kuti ndasungidwa?

Ayi, ndipo nkhawa zambiri zimabadwira pa kusakaniza ziwirizi.

Onani mayi amene wabereka mwana kumbuyo akuwoloka mtsinje madzi atadzaza. Mwanayo mwina wagwira bulauzi ya amayi ake ndi timanja tonse, akulira. Mwina wagona tulo, manja ali lendee, mutu utapendekera. Chimene chamusunga si timanja take koma mbereko ndi mfundo imene amayi ake amanga pachifuwa. Wolira ndi wogona onse awoloka chimodzimodzi. Kusiyana kwawo n'koti wina wawoloka ndi mantha.

Kusungidwa kuli m'dzanja la Mulungu: Yohane 10:28-29 akuti palibe angakwatule nkhosa m'dzanja la Mwana kapena la Atate. Chitsimikizo ndi kudziwa kwanu kuti muli m'dzanjamo, ndipo kumakwera n'kutsika. Chivomerezo cha chikhulupiriro cha ku Westminster, cha m'zaka za m'ma 1640, pa mutu 18 chimavomereza poyera kuti wokhulupirira weniweni akhoza kudikira nthawi yaitali asanapeze chitsimikizo, ndipo chitsimikizocho chikhoza kugwedezeka chifukwa cha ulesi, tchimo, yesero ladzidzidzi, kapena Mulungu akabisa nkhope yake kwa kanthawi. Kukayika si umboni woti mwatayika.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti ndine wopulumutsidwa?

1 Yohane 5:13 ikuti kalatayo inalembedwa kuti okhulupirira adziwe kuti ali nawo moyo wosatha. Ndiye kudziwa n'kotheka, si kudzikweza. Mphika wa chitsimikizo umakhala pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndi lonjezo la Mulungu mwa Khristu. Yohane 6:37 akuti wobwera kwa Yesu sadzamutaya kunja. Aroma 5:8 akuti Khristu anatifera tili chichimwire. Apa funso ndi limodzi: kodi mukudalira chiyani kuti Mulungu akulandireni? Ngati yankho likuyamba ndi "chifukwa ndimapereka chakhumi", "chifukwa ndine wa mvano", "chifukwa bambo anga anali mkulu wa mpingo", mwakhazika mphika pa dothi lofewa. Yankho lolimba limayamba ndi zimene Yesu anachita.

Fuwa lachiwiri ndi umboni wa Mzimu Woyera. Aroma 8:15-16 akuti Mzimu amachitira umboni pamodzi ndi mzimu wathu kuti ndife ana, ndipo chizindikiro chimene Paulo akupereka ndi kufuula kuti "Abba, Atate". Si kugwa pansi kapena kunjenjemera. Munthu amene zikamuthina amathawira kwa Mulungu ngati kwa bambo ake, ngakhale akulira ndi kudandaula, umboniwo ali nawo.

Fuwa lachitatu ndi zipatso. 1 Yohane imabwereza mayeso atatu: kuvomereza kuti Yesu ndi Khristu amene anabwera m'thupi (4:2), kusunga malamulo ake (2:3), ndi kukonda abale (3:14). Apa m'pamene anthu amalakwitsa kayezedwe. Amadziyeza pa tsiku limodzi, makamaka tsiku limene apsa mtima, n'kudziweruza. Mtengo suyezedwa m'mawa ndi madzulo. Yang'anani chaka chathunthu kapena zaka zitatu: kodi tchimo limene kale munkalinyadira tsopano limakupwetekani? Kodi alipo munthu amene munamukhululukira amene kale simukanatha? Funsaninso munthu wokhala nanu pafupi, chifukwa mwini wake nthawi zambiri saona kukula kwake.

Fanizo la mafuwa lili ndi polekezera, chifukwa atatuwa salemera mofanana. Lachiwiri ndi lachitatu likagwedezeka, mubwerere ku loyamba. Mukayambira pa zipatso, mudzangokhala mukukumba mbewu kuti muone ngati yamera.

Sindikumbukira tsiku limene ndinatembenuka mtima. Kodi ndiye kuti sindinabadwe mwatsopano?

Palibe vesi lofuna kuti mutchule tsiku. Paulo anali nalo tsiku lake pa njira ya ku Damasiko. Timoteo anadziwa Malemba kuyambira ali khanda, kudzera mwa amayi ake Yunike ndi agogo ake Loisi (2 Timoteo 1:5; 3:15), ndipo tsiku lake silinalembedwe paliponse. Agogo ambiri kumudzi sadziwa tsiku lawo lobadwa, koma palibe amakayika kuti ali moyo. Vuto lina ndi la mbali inayo: munthu kudalira kuti anakweza dzanja pa msonkhano wa chitsitsimutso zaka 15 zapitazo, pamene lero alibe nazo ntchito za Khristu. Funso ndi lakuti mukukhulupirira ndani lero.

Baibulo likamati Mzimu Woyera ndi chikole, likutanthauza chiyani?

Mawuwa ali pa Aefeso 1:13-14 ndi 2 Akorinto 1:22 komanso 5:5. M'Chigriki ndi *arrabon*, mawu a pa malonda otanthauza ndalama yoyamba imene wogula amapereka kuti katundu asagulitsidwe kwa wina, ndipo imamumanga kuti adzamalize zotsala. M'Chigriki cha masiku ano mawu ochokera pamenepa amanena za chitomero. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, sanavutike kufuna mawu, chifukwa chikole timachidziwa: mnyamata akapereka, mudzi wonse umadziwa kuti mtsikanayo ali ndi mwini mawu. Chofunika kuona n'chakuti wopereka chikole pano ndi Mulungu. Amene wadzimanga ndi lonjezo ndi Iye.

Ndachita tchimo lalikulu nditabatizidwa kale. Kodi Mulungu akadandikondabe?

Anthu amati madzi akatayika saoleka, ndipo pa zotsatira za tchimo mawuwa ndi oona. Davide anakhululukidwa pa nkhani ya Bateseba ndi Uriya, koma lupanga silinachoke pa banja lake (2 Samueli 12:10-14). Mimba ikhalapobe, ngongole ikhalapobe, mlandu ku khoti upitirira. Koma pa za kulandiridwa ndi Mulungu, mwambiwu sugwira. Petro anakana Yesu katatu, ndipo pa Yohane 21 Yesu anamufunsa katatu ngati amamukonda, n'kumubwezera ntchito yoweta nkhosa.

Zoyenera kuchita zili motere. Tchulani tchimolo ndi dzina lake pamaso pa Mulungu, monga 1 Yohane 1:9 inenera. "Ndikhululukireni pa zonse zimene ndalakwa" ndi pemphero lobisalamo. Dulani njira yobwererako: nambala ifufutidwe, kiyi wa ndalama za gulu aperekedwe kwa wina, njira yodutsa pa malo omwera mowa isinthidwe. Bwezani zobwezeka, monga Zakeyu anachitira pa Luka 19:8. Ngati ndalama ndi zambiri, gwirizanani ndi mwini wake zobweza pang'onopang'ono ndipo mulembe. Uzani Mkhristu mmodzi wokhwima ndi wosunga chinsinsi (Yakobo 5:16). Kwa Akatolika njira yake ndi sakramenti la kulapa kwa wansembe. Kenaka musasiye kupita ku tchalitchi.

Chomalizachi ndi chimene chimagwetsa ambiri. Munthu amati, "Ndiyambe ndakonzeka kaye, ndidzabwerera." Masabata amakhala miyezi, manyazi amauma n'kusanduka mwano. Yudasi ndi Petro onse anamva chisoni Yesu atagwidwa. Petro anabwerera kwa anzake, Yudasi anapita yekha.

Ndadulidwa mu mpingo. Kodi kumwamba ndadulidwanso?

Mwambo wa mpingo cholinga chake ndi kubweza munthu. Munthu wa ku Korinto amene anachotsedwa pa 1 Akorinto 5, Paulo anati achotsedwe kuti mzimu wake upulumuke, ndipo pa 2 Akorinto 2:6-8 akulamula mpingo kuti wolangidwa akalapa umukhululukire ndi kumutsimikizira chikondi, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni. Ahebri 12:6-8 akuti Ambuye amalanga amene amamukonda. Choncho kuimitsidwa pa Mgonero musakupepse, koma musakuyese chiweruzo chotsiriza. Khalani pa malo amene akupatsani, tsatani maphunziro amene akulu a mpingo akonza, ndipo mufunse momveka kuti nthawi yake ndi yotalika bwanji ndipo chofunika n'chiyani kuti mubwezedwe. Akulu a mpingo nawonso ali ndi ngongole pano: kudula munthu n'kusamuyendera ngakhale kamodzi si mwambo, ndi kutaya nkhosa.

Ngati chikondi cha Mulungu sichiduka, bwanji osangochimwa?

Paulo analifunsa kale funsoli, ndipo pa Aroma 6:1-2 akulikana kwamtuwagalu: amene anafa ku uchimo angakhalemonso bwanji? Chitsimikizo chabodza chilipo. Mateyu 7:21-23 akunena za anthu amene ananenera, kutulutsa ziwanda ndi kuchita zozizwitsa m'dzina la Yesu, koma Iye n'kuwauza kuti sanawadziwe konse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyanitsa kwake sikovuta: chitsimikizo choona chimamufewetsa munthu ndi kumudanitsa ndi tchimo, chabodza chimamupatsa chilolezo.

Kodi Mkhristu angataye chipulumutso?

Pano mipingo inasiyana kalekale, ndipo mbali iliyonse ili ndi mavesi ake.

Mipingo ya chiphunzitso cha Reformed, monga CCAP ndi Reformed Church in Zambia, imaphunzitsa kuti wobadwadi mwatsopano Mulungu amamusunga mpaka mapeto. Akhoza kugwa moipa, koma sagweratu. Chiphunzitsochi chinalongosoledwa pa Sinodi ya ku Dort, m'dziko la Netherlands, mu 1618 ndi 1619, poyankha otsatira a mphunzitsi wa zaumulungu Jacobus Arminius, amene analemba madandaulo awo mu 1610. Mavesi ake ndi monga Afilipi 1:6, Yohane 10:28 ndi 1 Yohane 2:19, pamene akuti amene anachoka sanali a ife kuyambira pachiyambi. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563 amayamba ndi funso la chitonthozo chokhacho m'moyo ndi mu imfa, ndipo yankho lake ndi lakuti munthu sali wa iye yekha koma wa Yesu Khristu.

A Methodist, a Nazarene ndi ambiri a Pentekoste amatsata John Wesley, amene anayambitsa gulu la Methodist: chitsimikizo cha lero n'chotheka ndithu, koma munthu akhoza kusiya chikhulupiriro mwa kufuna kwake n'kutayika. Amaloza Ahebri 6:4-6, Ahebri 10:26-29 ndi nthambi zodulidwa za pa Yohane 15:6. Pa Aroma 8 amati palibe chakunja chingakukwatuleni, koma mwini mukhoza kuchoka.

Mpingo wa Katolika, pa Msonkhano wa ku Trent mu 1547, unaphunzitsa kuti palibe ayenera kukayika za chifundo cha Mulungu, koma munthu sanganene motsimikiza kotheratu kuti adzapirira mpaka mapeto pokhapokha Mulungu atamuululira mwapadera. Chimene ali nacho ndi chiyembekezo cholimba. Tchimo lalikulu limachotsa chisomo ngati pali zinthu zitatu: nkhaniyo ndi yaikulu, munthu akudziwa bwino, ndipo wavomera ndi mtima wonse. Njira yobwerera ndi kulapa.

Mukaziika pamodzi, mtunda wake si wautali monga mikangano ya m'minibasi imaonetsera. Palibe mwa atatuwa amene amati chikondi cha Mulungu chimatha. Palibe amene amauza munthu wosalapa kuti agone mtima uli m'malo, ndipo palibe amene amabweza wolapa. Akusiyana pa kufotokoza za munthu amene anayamba bwino n'kuthera kunja: ena akuti sanalowe n'komwe, ena akuti analowa n'kutuluka.

Ndikuopa kuti ndinachitira mwano Mzimu Woyera. Ndingadziwe bwanji?

Werengani Marko 3:22-30 yonse, osati vesi 29 lokha. Alembi a malamulo anaona Yesu akumasula anthu, n'kunena kuti akuchita ndi mphamvu ya Belezebule, ndipo vesi 30 likuti Yesu ananena mawu aja chifukwa cha zimenezi. Ndi kuona kuwala n'kukutcha mdima, mwadala ndi mosalekeza. Si ganizo loipa lokulowererani mukupemphera, si mawu amene munalankhula mutaledzera kapena muli pa maliro a mwana wanu. Paulo mwini anali wamwano ndi wozunza mpingo, koma anachitiridwa chifundo (1 Timoteo 1:13). Abusa a mibadwo yonse amagwirizana pa mfundo iyi: amene akuda nkhawa kuti mwina anachita tchimoli, nkhawa yakeyo ikusonyeza kuti mtima wake sunaume motero.

Mavuto sakundichoka. Kodi si chizindikiro choti Mulungu wanditaya?

Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo munthu ntchito ikatha, mwana n'kudwala, mbewu n'kupserera m'munda, amayamba kuwerenga chikondi cha Mulungu pa zimene zili m'thumba. Aroma 8:36 akubwereza Masalimo 44:22, salimo la anthu amene akuphedwa ngati nkhosa pamene sanaswe pangano. Pa Yohane 9:1-3 ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu n'kuyankha kuti si iye kapena makolo ake. Umboni wa chikondi umene Paulo akupereka uli pa Aroma 8:32: Mulungu sanaumire Mwana wake.

Chenjerani ndi aliyense amene akuti mupereke "mbewu" ya ndalama zakutizakuti kuti Mulungu akukumbukireni. Simoni wa ku Samariya anayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndipo yankho la Petro pa Machitidwe 8:20 silinali lofewa. Kupereka n'kwabwino, koma ndi kuthokoza, si kugula. Chimene chimachitika n'chodziwika: munthu amapereka, vuto silichoka, amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, ndipo amatsala wopanda ndalama ndi wopanda chitsimikizo chomwe.

Nanga ufiti, matemberero a ku mtundu ndi maloto oipa?

Baibulo silikana kuti mphamvu za mdima zilipo. Likukana kuti zingakuchotseni m'chikondi cha Mulungu, ndipo n'chifukwa chake angelo, maufumu ndi zimphamvu zili pa mndandanda wa Aroma 8:38. Akolose 2:15 akuti Khristu anazivula zida pa mtanda. Balamu analipidwa kuti atemberere Israeli koma analephera (Numeri 23:8, 23). Pa za makolo, anthu amakonda kutchula Eksodo 20:5, mibadwo itatu ndi inayi, n'kusiya vesi 6 lonena za chifundo kwa zikwi. Ezekieli 18:20 akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake, ndipo Agalatiya 3:13 akuti Khristu anasanduka temberero m'malo mwathu.

Ngati muli ndi zithumwa kapena mankhwala otsirika nyumba, zitayeni pamaso pa akulu a mpingo monga a ku Efeso anatenthera mabuku awo a matsenga pamaso pa anthu onse pa Machitidwe 19:19. Mukadzidzimuka ndi loto loipa, pempherani mwachidule, werengani Masalimo 91 kapena 121, mugone. Musaloze chala agogo kapena mwana wamasiye kuti ndiye mfiti chifukwa cha loto kapena mawu a mneneri. Anthu osalakwa avulazidwa ndi kuphedwa chifukwa cha zimenezi. Wodwala apite kuchipatala, ndipo amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi BP asasiye chifukwa wina wamupempherera.

Ndikamapemphera sindimva kanthu. Mtima wangouma. Nditani?

Zimachitikira ngakhale anthu otchuka pa chikhulupiriro. John Wesley anapeza chitsimikizo pa 24 May 1738, pa msonkhano wa mu Aldersgate Street ku London, akumvetsera mawu oyamba a Martin Luther pa kalata ya Aroma. Koma analemba yekha kuti atabwerera kunyumba usiku womwewo mayesero anamuvutitsa kwambiri. Masalimo 88 amathera mu mdima, ndipo ali m'Baibulo.

Yambani mwafufuza zinthu zitatu. Kodi pali tchimo limene mukulibisa, monga Davide pa Masalimo 32:3-5? Kodi munasiya Mawu, Mgonero ndi kusonkhana ndi anzanu? Kodi thupi lili bwanji? Eliya atapempha imfa pa 1 Mafumu 19, mngelo sanamulalikire; anamupatsa mkate ndi madzi kawiri konse, n'kumusiya agone. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa simukugona, chakudya sichikulowa, palibe chokusangalatsani, kapena mukuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe ndipo mupite kuchipatala. Matenda a maganizo ndi matenda, ndipo amachititsa munthu kumva ngati Mulungu wamutaya pamene sizili choncho.

Pa kuwerenga, 1 Yohane ili ndi mitu isanu yokha: mutu umodzi pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa mwezi wathunthu. Aroma 8 ili ndi mavesi 39. Lowezani 31 mpaka 39, vesi limodzi pa tsiku, mudzamaliza m'masiku asanu ndi anayi. Werengani mokweza mawu.

Ndingamuthandize bwanji wodwala kwambiri amene akuopa kuti Mulungu samulandira?

Musayambe ndi kumukumbutsa ntchito zake zabwino. Mukati, "Inu amayi, mmene munkatumikira mu chigwirizano muja, mungaope chiyani?" iwo mumtima akukumbukira zimene inu simukuzidziwa, ndipo mantha amakula. Afunseni chimene chikuwavuta, anthu ena atuluke kaye m'chipindamo. Ngati pali munthu amene akufuna kuyanjana naye, muitaneni msanga kapena muimbireni foni. Itanani abusa kapena wansembe iwo akadali ndi mphamvu zolankhula, osadikira kuti ayambe kukomoka.

Werengani pang'ono: Luka 23:39-43, za wachifwamba amene analibe nthawi yokonza kalikonse, kapena Yesaya 49:15-16, kapena Yohane 6:37. Mavesi awiri kapena atatu akwanira, pang'onopang'ono, m'Baibulo limene iwo analizolowera. Nyimbo imene anaiimba kuyambira ubwana imafika pamene ulaliki sufika. Agwireni dzanja, ndipo mupitirize kulankhula nawo mofatsa ngakhale atasiya kuyankha, chifukwa odwala ambiri amamvabe ngakhale pakamwa patatseka.